Galasi Lathyathyathya Lolamula Kuwala

 Nkhani yathu lero ndi ya kuwala, makamaka njira yatsopano imene akatswiri a sayansi apeza yokhotetsera kuwala ndi kukulondolera kumene akufuna, popanda galasi lobulungira lija tinalizolowera.

Amene muli ndi foni ya kamera pafupi, taitembenuzani muone kumbuyo kwake. Pamafoni ambiri a masiku ano, pamene pali kamera pamakhala potumphuka, moti mukaigoneka chagada patebulo imagwedera. Opanga mafoni sakondwera nako kutumphukako. Batire analiphwatalitsa, mawaya anawafinya mpaka osaoneka ndi maso, koma kamera yawakanika. Mkati mwakemo muli timagalasi tobulungira totchedwa malenzi, tosanjikizana 6, 7, pena mpaka 8, ndipo kalikonse kamafuna malo ake ndi mpata wake. Kamodzi kakangosendera pambali pang'ono chabe, chithunzi chimatuluka cha mbuu.

Nanga n'chifukwa chiyani lenzi imayenera kukhala yobulungira? Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi mumpweya, koma kukalowa mugalasi liwiro limatsika kufika pa makilomita pafupifupi 200,000. Chinsinsi chonse chagona pamenepo. Tayerekezani anthu ambiri atagwirana manja mumzere umodzi wopingasa, akuyenda limodzi kudutsa padambo. Apakati alowa m'matope aakulu, akumapeto akuponda pouma. Apakatiwo achedwa, akumapeto atsogola, mzere upindika, ndipo aliyense akamapitabe kumene wayang'ana, onse akakumana pamalo amodzi. Lenzi imachita zomwezo. Pakati pake m'pochindikala, choncho kuwala kodutsa pamenepo kumachedwa. M'mphepete mwake ndi mopyapyala, kuwala kumadutsa msanga. Mapeto ake kuwala konse kumasonkhana pakadontho kamodzi. Amene munayatsapo pepala ndi galasi lokulitsira zinthu padzuwa la mu Okutobala mukudziwa mphamvu ya kadontho kameneko.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Katswiri wa masamu wa ku Baghdad dzina lake Ibn Sahl analemba za lamulo la kakhotedwe ka kuwala cha m'ma 984, ndipo Willebrord Snellius wa ku Netherlands analipezanso mu 1621. Kuchokera nthawi imeneyo anthu akhala akusema galasi, kulipala ndi kulisalaza kuti lipindike ndendende mmene masamu akunenera. Ndi ntchito yaluso, yodya nthawi ndi ndalama. Vuto linanso n'lakuti lenzi imodzi payokha imalakwitsa. Kuwala kofiira ndi kuwala kwa buluu sikukhota mofanana, ndiye m'mphepete mwa chithunzi mumaoneka timizere tamitundumitundu. Pofuna kukonza cholakwa cha lenzi yoyamba amaikapo yachiwiri, kukonza cha yachiwiri amaikapo yachitatu, mpaka mulu uja umene watumphutsa foni yanu.

Munthu woyamba kuchepetsa mtolowu kwambiri anali Augustin Fresnel wa ku France. Iye anaona kuti ntchito yokhotetsa kuwala imachitikira pamwamba pa galasi, pamene papindika, ndipo galasi lamkati limangolemetsa. Anadula lenzi m'mikombero yambiri yopyapyala, ndipo mu 1823 lenzi yake inaikidwa pansanja younikira zombo ya Cordouan. Inapulumutsa miyoyo ya amalinyero ambiri. Komabe mkombero uliwonse unali wopindika ndithu. Funso linatsala: kodi galasi lathyathyathya kwenikweni lingakhotetse kuwala?

Kuti timve yankho lake, tiyambe tadziwa kuchepa kwa zinthu zimene tikukambazi. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mafunde ake ndi aang'ono zedi. Tengani milimita imodzi, kampata kakang'ono kaja ka pa rula ya mwana wasukulu, muigawe magawo 1 miliyoni. Gawo limodzi ndilo nanomita. Funde la kuwala kumene maso athu amaona limatalika pakati pa nanomita 400 ndi 700: la buluu ndi lalifupi, lofiira ndi lalitali. Pepala limodzi la m'kope limachindikala nanomita pafupifupi 100,000.

Mu 2011, gulu la akatswiri a pa Harvard University ku America, motsogozedwa ndi Pulofesa Federico Capasso, mbadwa ya ku Rome ku Italy, linafalitsa zotsatira za kafukufuku wake m'magazini ya Science. Iwo anatenga kachidutswa ka silikoni kosalala, n'kuyalapo tizitsulo tagolide tooneka ngati chilembo cha V, kalikonse kochepa kuposa funde la kuwala kumene ankagwiritsa ntchito. Tina anatikanula kwambiri, tina pang'ono, tina anatitembenuza. Kuwala kutadutsa, kunakhotera kumene lamulo lakale lija silikanalola. Apa m'pamene dzina lakuti metasurface, la malo osalala oyalidwa tinthu ting'onoting'ono totere, linayamba kumveka ponseponse.

Tibwerere kwa anthu aja ogwirana manja. Tsopano matope palibe. M'malo mwake pali mpanda wowongoka wokhala ndi zipata zambirimbiri, munthu aliyense chipata chake, ndipo pachipata chilichonse pali mlonda amene wauzidwa kuti munthu wake amuchedwetse nthawi yakutiyakuti. Alonda apakati achedwetsa anthu awo kwambiri, akumapeto awalola msanga. Potuluka, mzere wapindika chimodzimodzi ngati unadutsa m'matope, chonsecho wangodutsa pampanda wopyapyala. Tizipilala ting'onoting'ono timene amaimika pa metasurface ndito alonda amenewo. Kapilala konenepa kamachedwetsa kuwala kwambiri, koonda kamachedwetsa pang'ono. Ndipo popeza wokonza ndiye amasankha kukula kwa kapilala kalikonse, angathe kulamula kuwala kuti kusonkhane pamodzi, kumwazike, kugawike m'timadontho masauzande, kapena kujambule chithunzi m'malere. Galasi losema silipereka ufulu wotere.

Golide uja anali ndi vuto lake: ankameza kuwala kwambiri, ndipo ankagwira ntchito ndi kuwala kwa infrared kumene maso athu saona. Mu 2016 gulu lomwelo linabwera ndi china chimene chinagwedeza akatswiri anzawo. Linagwiritsa ntchito titanium dioxide, mankhwala omwe aja amayeretsa penti yoyera, amenenso amapezeka m'mafuta ena odzitetezera kudzuwa. Ndi mankhwalawo linamanga tizipilala tamakona anayi, totalika nanomita 600. Kutalika kumeneko kumalowa maulendo pafupifupi 100 m'kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Mukaona chithunzi chake chojambulidwa ndi maikulosikopu yamphamvu, mumaona tizipilala titaima ndondondo pagalasi, tonse tofanana msinkhu, koma kalikonse katapotoka pang'ono kusiyana ndi kanzake, kupotokako kukusinthasintha kuchokera pakati kupita m'mphepete. Lenzi yathyathyathya imeneyi, imene amaitcha metalens, inakwanitsa kukulitsa chithunzi kuwirikiza ka 170, ndipo inapikisana ndi malenzi odula a maikulosikopu ogulitsidwa pamsika. Magazini ya Science inaiika m'gulu la zinthu zikuluzikulu zotulukiridwa m'chaka chimenecho.

Pano ndiime kaye, chifukwa ulemu uyenera kupita kwa eni ake onse. Nzeru yakuti kupotoza kachinthu kungasinthe kayendedwe ka funde la kuwala inazikika pa ntchito ya mnyamata wa ku India, Shivaramakrishnan Pancharatnam, amene anailemba mu 1956 ali ku Bangalore, ali ndi zaka 22 zokha. Anamwalira mu 1969 asanaone kumene nzeru yake inafika. Philippe Lalanne ku France anali atapanga kale malenzi a tizipilala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Erez Hasman ku Israel anachitanso zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Nkhani zikamafalitsidwa timangomva dzina la yunivesite yotchuka, koma munda umenewu analima ndi ambiri.

Tsopano ndifike pamfundo imene ine ndikuona kuti ndiyo mutu wa nkhani. Kupyapyala kwa metalens n'kosangalatsa, koma chachikulu ndi kapangidwe kake. Lenzi yakale amasema kapena kuumba imodziimodzi, kenako n'kuzisanja mosamala. Metalens amachita kusindikiza. Makina omwe aja amapanga machip a mumakompyuta ndi mumafoni, amene amagwiritsa ntchito kuwala kujambula timizere ting'onoting'ono pambale ya silikoni, ndi omwewonso angathe kujambula tizipilalati. Pambale imodzi yotambalala mamilimita 300 pamatuluka malenzi masauzande nthawi imodzi. Tonse tinaona zimene zinachitika makompyuta atayamba kupangidwa mwanjira imeneyi: chipangizo chimene kale chinkadzaza chipinda ndi kugulidwa ndi maboma okha, lero chili m'thumba la mayi wogulitsa tomato pamsika. Ngati malenzi atsata njira yomweyo, ndiye kuti zida zoonera, zopimira ndi zoyezera, zimene lero zimadula chifukwa cha magalasi ake, zikhoza kutsika mtengo. Chiyembekezo changa chili pamenepo.

Ndipo zayamba kale kutuluka mu labotale. Mu 2016 Capasso ndi wophunzira wake Robert Devlin anali m'gulu la anthu amene anayambitsa kampani ya Metalenz ku Boston. Kampaniyi inagwirizana ndi STMicroelectronics, kampani yaikulu ya ku Ulaya yopanga machip, imene mu 2022 inatulutsa pamsika kasensa kotchedwa VL53L8 kokhala ndi metasurface mkati. Ntchito ya kasensaka ndi kuyeza mtunda. Kamatumiza kuwala kwa infrared, kuwalako kukagunda chinthu n'kubwerera, kamawerenga nthawi imene kwatenga. Ngati mwaima mita imodzi kuchokera pa foni, ulendo wopita ndi kubwera sukwana magawo 7 mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Kasensaka kamagawa malo amene kakuyang'ana m'zigawo 64 ndi kuyeza chilichonse pachokha, mpaka mtunda wa mamita 4. Ndi zida zotere zimene zimathandiza kamera ya foni kulunjika msanga pankhope ngakhale kuli mdima, kapena laputopu kudziwa kuti mwini wake wachokapo n'kudzitseka yokha. Malenzi amtunduwu opitirira 100 miliyoni apangidwa kale.

Ngati mukufuna kuona kuwala kosaonekaku, tengani rimoti ya TV, muilozetse pakamera ya foni, mudine batani uku mukuyang'ana pasikirini. Pamafoni ambiri muona kababu ka kutsogolo kwa rimoti kakuthwanima motuwira kapena mofiirira, pamene maso anu sakuona kanthu. Kumeneko ndiko kuwala kwa infrared, kwa funde la nanomita pafupifupi 940, ndipo ndi mtundu womwewu umene masensa aja amagwiritsa ntchito.

Mwina wina afunsa: bwanji osangochotsa mulu wa malenzi uja n'kuikapo metalens imodzi? Apa ndinene zoona zokhazokha, chifukwa otsatsa malonda amakonda kudumpha gawo limeneli. Metalens imagwira bwino ntchito ikapatsidwa kuwala kwa mtundu umodzi. Tizipilala tikakonzedwera funde la nanomita 940, timachita zodabwitsa ndi funde limenelo. Koma kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, ndipo metalens imasokoneza mitundu koposa galasi wamba: kofiira kumasonkhana apa, kobiriwira apo, kwa buluu uko. Mukatembenuza CD yakale padzuwa n'kuona mitundu ikung'anima, mukuona khalidwe lomwelo la kuwala kukakumana ndi timizere tothithikana. Mu 2018 gulu la ku Harvard linakwanitsa kupanga metalens yosonkhanitsa mitundu kuyambira nanomita 470 mpaka 670 pamalo amodzi, koma inali yochepa kuposa milimita imodzi, yosakwanira pakamera yaikulu ya foni. Kuikulitsa popanda kutaya ubwino wake ndiye mfundo imene ikadali yomangika. Komanso kuwala kwina kumatayikira m'mbali n'kuchititsa chithunzi kukhala ngati chili ndi nkhungu. Choncho wina akakuuzani kuti malenzi akale atha ntchito, musamukhulupirire msanga. Kamera yojambulira ukwati ikhalabe ndi magalasi obulungira kwa nthawi ndithu.

Kumene metasurface ikupambana ndi kuntchito zimene galasi wamba silingathe n'komwe. Funde la kuwala limagwedezeka, ndipo kugwedezekako kuli ndi mbali yake: kwina kumagwedezeka choimirira, kwina chopingasa, kwina mozungulira. Akatswiri amati polarization. Maso athu sasiyanitsa zimenezi, koma njuchi zimatha, ndipo zimadalira zimenezo podziwa njira. Amene munavalapo magalasi a dzuwa ochotsa kunyezimira kwa pamadzi, mpaka kuona miyala yapansi m'nyanja, munagwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Kale kamera yoona polarization inali chimakina chachikulu chodula. Mu 2019 gulu la Capasso linasonyeza kuti metasurface imodzi ingathe kupatula kuwala malinga ndi kagwedezekedwe kake, n'kutulutsa zithunzi zinayi nthawi imodzi. Metalenz yatenga nzeruyi kupangira njira yotsegulira foni ndi nkhope yotchedwa Polar ID. Khungu la munthu wamoyo limabweza kuwala mosiyana ndi pepala kapena chigoba cha pulasitiki, ndiye wakuba wobwera ndi chithunzi chanu kapena chinyawu chofanana nanu sangaipusitse mosavuta. Kwa ife amene ndalama zathu zambiri zikusungidwa mufoni masiku ano, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Kuchipatala nako kuli chiyembekezo. Mu 2018 akatswiri a ku Harvard pamodzi ndi a chipatala cha Massachusetts General Hospital anaika metalens kunsonga kwa kachubu kopyapyala kounikira mkati mwa mapapo, ndipo kanaonetsa bwino minofu ya m'njira za mpweya. Mu 2021, ofufuza a ku Princeton University ndi University of Washington anasonyeza kamera yaing'ono ngati kambulu ka mchere wamiyala. Galasi lake, lotambalala theka la milimita, linali ndi tizipilala 1.6 miliyoni. Chithunzi chimene tizipilalati timatulutsa sichikhala choyera pachokha. Kompyuta yophunzitsidwa bwino ndiyo imachikonza, ndipo zotsatira zake zinafanana ndi za lenzi yaikulu kuposa iyo kuwirikiza ka 500,000. Taganizirani dokotala akuunika m'mimba kapena m'mitsempha ndi kachipangizo kotero, wodwala osamva ululu wa chubu chachikulu.

Koma kamera yomweyo ikundidetsa nkhawa, ndipo sindibisa. Kamera yochepa ngati mchere ingabisidwe pabatani la malaya, pakhoma la chipinda chogona alendo, m'bafa la atsikana kusukulu yogonera komweko. Tikudziwa kale mavuto amene zithunzi zojambulidwa mobisa zabweretsa m'mabanja ndi pamiyoyo ya atsikana, ndi mafoni omwe tili nawowa, amene ndi aakulu ndipo amaoneka. Nanga chojambuliracho chikadzakhala chosaoneka? Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu mu 2024. Opanga malamulo, apolisi ndi makhoti ayenera kumatsatira kumene zipangizozi zikulowera, kuti lamulo lisamabwere pambuyo anthu atavulala kale.

Kukula kwa metalens nako akulimbana nako. Kumayambiriro kwa 2024 gulu la ku Harvard linalengeza metalens yagalasi yotambalala masentimita 10, yokhala ndi tizipilala 18.7 biliyoni, ndipo anajambula nayo dzuwa, mwezi ndi mtambo wa mpweya wowala umene uli kutali pakati pa nyenyezi. Pachombo chopita mumlengalenga kilogalamu iliyonse imadya ndalama zambiri, ndiye galasi lopepuka ndi lofunika. Mafunde a wailesi ndi achibale a kuwala, kungoti ndi aatali, ndipo nzeru yomweyi imagwiranso kwa iwo: kampani ya Kymeta ku America imapanga ma antena athyathyathya olumikizana ndi setilaiti, amene amalondola setilaitiyo popanda kutembenuka ngati madishi aja a pamadenga athu.

Nanga ife kuno zikutikhudza bwanji? Pitani mu labotale ya chipatala chilichonse cha boma, mupeza maikulosikopu. Ndi imene amapimira magazi pofufuza tizilombo ta malungo, ndi makhololo pofufuza chifuwa chachikulu. Mbali yodula ndiponso yosachedwa kuwonongeka pachipangizo chimenechi ndi malenzi ake. Chinyezi chikalowa amachita nkhungu, akakalika ndiye basi, ndipo atsopano amachokera kunja. Lero metalens singalowe m'malo mwake, chifukwa wopima amadalira mitundu ya mankhwala opaka pagalasi kuti azindikire kachilombo, ndipo mitundu ndiyo ikuvutabe. Koma zida zambiri zopimira zimagwiritsa ntchito kuwala kwa mtundu umodzi, ndipo kumeneko khomo n'lotseguka. Chimene chimandipweteka n'chakuti makampani aakulu amathamangira kumene kuli ndalama. Adzayamba ndi mafoni odula, magalimoto odziyendetsa okha ndi magalasi amasewera. Kachipangizo kotchipa kopimira magazi pachipatala chaching'ono cha kumudzi kadzakhala kumapeto kwa mndandanda, pokhapokha pakhale anthu odziwa mavuto athu amene akudziwanso sayansi imeneyi.

Ndipo zimenezo n'zotheka. Fakitale yosindikiza machip imadya ndalama mabiliyoni a madola, ndipo sindikunena kuti timange mawa. Koma kupanga metalens kuli pawiri: kukonza pulani, ndi kusindikiza. Pulaniyo ndi masamu. Ndi malamulo a kuwala ndi magetsi amene James Clerk Maxwell analemba m'zaka za m'ma 1860, amene wophunzira aliyense wa Physics pa yunivesite amakumana nawo. Mapulogalamu owerengera mmene kuwala kungadutsire pa tizipilala alipo aulere pa intaneti; ina ndi Meep, yochokera ku Massachusetts Institute of Technology, ndipo poyambira laputopu wamba ndi yokwanira. Ofufuza ambiri padziko lapansi alibe fakitale yawoyawo: amakonza pulani n'kuitumiza kwa osindikiza.

Choncho pempho langa likupita kwa aphunzitsi ndi ophunzira a sayansi ku University of Malawi ku Zomba, ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre, ku Mzuzu University, ndi anzathu a ku University of Zambia ku Lusaka. Phunziro la kuwala lisamathere pa kujambula mizere yodutsa mulenzi pabolodi. Wophunzira wa chaka chomaliza amene akusaka mutu wa kafukufuku apatsidwe mwayi wokonza metalens yake pakompyuta, ndipo afunse kaye ogwira ntchito mu labotale ya chipatala chapafupi kuti chimawavuta n'chiyani. Inunso aphunzitsi a kusekondale, mukafika pamutu wa kuwala, bweretsani m'kalasi CD yakale, rimoti ndi foni, ana aone ndi maso awo, ndipo muwauze kuti ntchito imeneyi sinathe, ikufunabe anthu.